Mwana wathu akufuna uphungu ku Illinois, kodi tigulitse ng'ombe?

Mayi wina wa ku Dedza watilembera motere: "Mwana wanga wamkazi ndi namwino ku Chicago. Wakhalako zaka 14 ndipo anatenga unzika wa America zaka zitatu zapitazo. Sabata yatha watiimbira kuti akufuna kudzapikisana nawo pa mpando wa phungu m'nyumba ya malamulo ya chigawo cha Illinois. Ife kuno mitu yaima. Kodi wobadwira kunja amaloledwa? Akagonja sadzamuthamangitsa? Bambo ake akuti tigulitse ng'ombe ziwiri timutumizire za kampeni. Nanga akapambana ndiye kuti unamwino watha, azikhala ngati a MP athu kuno?"

Mayi, poyamba mtima ukhale m'malo. Chimene mwana wanu akufunachi n'chololedwa, ndipo kugonja pa chisankho sikukhudza mapepala a munthu. Wotenga unzika ndi nzika basi. Mipando yomwe imafuna wobadwa ali nzika kale ndi ya mtsogoleri wa dziko ndi wachiwiri wake. Ilhan Omar anabadwira ku Mogadishu, anakhalapo ku msasa wa othawa nkhondo ku Kenya, koma mu 2016 anagonjetsa Phyllis Kahn, yemwe anali atakhala phungu zaka 44 m'chigawo cha Minnesota. Malamulo aakulu a Illinois amafuna zinthu zitatu zokha: akhale nzika, akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, ndipo akhale atakhala m'dera lomwe akufunalo kwa zaka ziwiri chisankho chisanafike. Chachitatuchi ndicho achiyang'anitsitse. Anthu a mu mzinda amasamukasamuka chifukwa cha lendi, ndipo malire a madera ku Chicago ndi okhotakhota moti kungowoloka msewu umodzi umapezeka uli m'dera la phungu wina.

Tsono za ng'ombezo, auzeni bambo kuti zikhale m'khola. Lamulo la dziko lonse la America limaletsa munthu amene si nzika, komanso alibe green card (chiphaso chokhalira m'dzikomo mokhazikika), kupereka ndalama pa chisankho chilichonse, kaya cha dziko, cha chigawo ngakhale cha khonsolo. Mlandu umagwera wopereka ndi wolandira yemwe. Ndipo musaganize zozembetsa, zoti mutumize ngati mphatso ya banja iye n'kuilowetsa mu thumba la kampeni, kapena kudzera kwa msuweni amene ali ndi mapepala. Kupereka ndalama m'dzina la munthu wina ndi mlandu wina pawokha. Opikisana naye amafufuza dzina lililonse la wopereka chifukwa zonse zimaikidwa poyera pa intaneti, ndipo nkhani yoti "akulandira ndalama zakunja" ikhoza kumugwetsa asanayambe n'komwe. Ndinenenso mosabisa kuti ng'ombe ziwiri sizingasinthe kanthu. M'madera omwe mpikisano ndi woopsa, mbali imodzi yokha imatha kuwononga madola oposa 1 miliyoni.

Mpando umenewu tiufotokoze, poti kwathu kulibe wofanana nawo. Ife tili ndi zigawo koma nyumba ya malamulo ndi imodzi, ya ku Lilongwe. America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi bwanamkubwa wake, makhothi ake ndi nyumba yake ya malamulo. Ya Illinois imakumana ku Springfield, mtunda wa makilomita pafupifupi 320 kuchokera ku Chicago, ndipo ili pawiri: nyumba ya aphungu 118 ndi ya maseneta 59. Dera la seneta mmodzi limagawidwa pawiri kupanga madera a aphungu awiri. Phungu amaimira anthu pafupifupi 108,000 ndipo amabwerera kwa ovota zaka ziwiri zilizonse. Aphungu ndi maseneta amenewa ndiwo amagamula za ndalama za sukulu, msonkho wa chigawo, malamulo ambiri a milandu ndi ndende, misewu, ziphaso za anamwino ndi madokotala, ngakhale thandizo la chipatala la osauka. Namwino wodziwa zomwe zimachitika muwodi usiku ali ndi chonena m'nyumba imeneyo. Za visa ndi zolowa m'dziko ayi, zimenezo n'za boma la dziko lonse ku Washington, choncho abale asayambe kumulembera makalata.

Komwe anthu atsopano ambiri amathera si pa tsiku loponya voti. Amagwa pa masiginecha. Kuti dzina lake lilowe pa pepala lovotera la chisankho chachipulula, woimira chipani cha Democratic kapena Republican amasonkhanitsa masiginecha a ovota osachepera 500 komanso osaposa 1,500 ngati akufuna uphungu, kapena 1,000 mpaka 3,000 ngati akufuna useneta. Ali ndi masiku 90 okha ochitira zimenezi. Wosaina akhale wolembetsa m'kaundula wa ovota m'dera lomwelo, pa adiresi yomwe walembayo. Woyendetsa pepala akhale nzika ya America, aone ndi maso ake munthu aliyense akusaina, kenako akalumbire pamaso pa wolumbiritsa wovomerezeka, yemwe kumeneko amamutcha notary. Apa ndi pomwe anzake a ku tchalitchi kapena a m'gulu la a Malawi angamupweteke mosadziwa: mnzake wa mtima wabwino amene alibe unzika akayendetsa mapepala 20, onsewo amatayidwa. Masamba alembedwe manambala motsatana ndi kumangidwa pamodzi, ndipo aperekedwe limodzi ndi chikalata cholengeza kuti akuima komanso lisiti yosonyeza kuti anaulula za chuma chake ku ofesi yoyenera. Nthawi yopereka ikatsekedwa, wovota aliyense wa m'deralo ali ndi masiku asanu ogwira ntchito oti akatsutse mapepalawo. Akatsutsa, akuluakulu a zisankho amakhala pansi n'kumafananiza siginecha iliyonse ndi ya m'kaundula, mzere ndi mzere.

Musaone ngati n'zongoopseza. Barack Obama analowa ndale kudzera pa khomo lomweli. Mu 1995 seneta wa dera la 13 kummwera kwa Chicago, Alice Palmer, anaganiza zosaimanso pa mpandowo n'kukayesa mwayi wa ku Congress, nyumba ya malamulo ya dziko lonse, ndipo anamuvomereza Obama kuti amulowe m'malo. Atagonja kwa Jesse Jackson Jr., Palmer anasintha maganizo n'kufuna mpando wake wakale. Masiku anali atatha, ndiye masiginecha anawasonkhanitsa mothamanga. Anapereka 1,580 pomwe ofunika nthawi imeneyo anali 757. Anthu a Obama anakatsutsa, ndipo atasefa anapezeka kuti waperewera ndi pafupifupi 200. Enanso atatu omwe ankafuna mpandowo anachotsedwa chimodzimodzi, Obama n'kutsala yekha pa chipulula cha March 1996. Ena mpaka lero amati anachita nkhanza kwa mayi amene anamutsegulira njira. Mwina n'zoona, koma lamulo silinathyoledwe, ndipo ku Chicago umo ndi momwe amachitira. Mwana wanu akamva 500, aziwerenga 1,500, ndipo siginecha iliyonse aifufuze m'kaundula asanapite nayo.

Chipulula chimachitika Lachiwiri lachitatu la March m'chaka cha chisankho, ndipo mapepala amaperekedwa miyezi ingapo m'mbuyo, chakumapeto kwa chaka cham'mbuyo mwake. Masiku enieni amasinthasintha, choncho atenge kabuku ka malangizo a opikisana komwe bungwe la Illinois State Board of Elections limatulutsa pa chisankho chilichonse. Amvetsenso kuti m'madera ambiri a Chicago chisankho chenicheni ndi chipululachi, chachikulu cha November chimangotsimikiza. Mapu a madera amajambulidwa ndi aphungu okhaokha pakatha kalembera wa anthu zaka 10 zilizonse, ndipo chipani cholamula chimawajambula modzikomera. Kuyambira 2023 a Democratic akhala ndi mipando 78 mwa 118 ndi 40 mwa 59. Ndiye funso lofunika kumufunsa nali: kodi mpandowo ndi wopanda mwini, kapena pali phungu amene akuimanso? Ku Illinois kulibe malire a kuchuluka kwa maulendo omwe munthu angakhale phungu. Amene alipo kale ali ndi dzina, mabungwe a apantchito amamudziwa, ndipo atsogoleri a chipani amamutumizira ndalama ndi anyamata ogogoda m'makomo. Kumugwetsa kumatheka, Omar uja anatero, koma zimachitika kamodzikamodzi. Ine munthu watsopano ndimamulangiza kudikira mpando womwe mwini wake akupuma, uku akudziwika m'deralo: makomiti a sukulu, bungwe la anamwino, kuthandiza pa kampeni ya wina. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pa chipulula ovota amakhala ochepa, ndipo ambiri ndi achikulire omwe saphonya chisankho. N'chifukwa chake misonkhano ikuluikulu ya magule ndi nsalu za chipani kulibe. Woima amagula mndandanda wa ovota, amasankhamo amene anavota pa zipulula ziwiri kapena zitatu zapitazo, n'kumagogoda khomo ndi khomo, ndipo miyezi yake ndi January ndi February, chipale chofewa chili mbuu. Maola ena amathera pa foni kupempha ndalama kwa anzake a ku ntchito ndi aliyense amene anakumanapo naye. Akangosonkhanitsa kapena kugwiritsa ntchito madola oposa 5,000 m'miyezi 12, ayenera kulembetsa komiti ya kampeni, kutsegula akaunti yakeyake ku banki, ndi kupereka lipoti miyezi itatu iliyonse. Thandizo lililonse la madola 1,000 kapena kuposerapo limalengezedwa pasanathe masiku asanu ogwira ntchito, ndipo chisankho chikayandikira amakhala awiri okha. Zindapusa zambiri zimabwera chifukwa msungichuma anali mlamu kapena mnzake wapamtima amene anaiwala tsiku. Pali msampha winanso: woima akathira ndalama za m'thumba mwake zoposa madola 100,000, malire a zopereka amachotsedwa kwa onse opikisana pa mpandowo, ndiye mdani wake akhoza kulandira cheke cha ndalama zilizonse kwa munthu mmodzi wolemera. Ngongole ya nyumba kapena ndalama za penshoni asazikhudze. Zikapita sizibwerera.

Nanga akapambana? Aphungu amakumana kuyambira January mpaka 31 May, masiku angapo pa sabata, kenako amabwereranso pang'ono chakumapeto kwa chaka kukaona mabilu omwe bwanamkubwa wakana. Bilu imawerengedwa katatu pa masiku atatu osiyana m'nyumba iliyonse, ndipo imafuna mavoti 60 kwa aphungu ndi 30 kwa maseneta. Bwanamkubwa ali ndi masiku 60 oti asaine kapena akane, ndipo amathanso kuibweza atasintha mawu ena. Kuti aphungu amugonjetse pamafunika mavoti 71 ndi 36. Zimenezi n'za m'buku. Chenicheni n'chakuti bilu iliyonse imayamba yadutsa ku komiti yaing'ono yomwe ili m'manja mwa sipikala kapena mtsogoleri wa maseneta, ndipo mabilu ambiri amafera momwemo osakambidwa n'komwe. Phungu watsopano amene anayamba n'kunyoza atsogoleri pa wailesi amatha zaka ziwiri osadutsitsa kanthu, n'kubwerera kwa ovota chimanjamanja.

Zaka zisanu ndi zitatu za Obama ku Springfield zikuonetsa bwino mmene ntchitoyi imayendera. Analumbira mu January 1997, ndipo zaka zisanu ndi chimodzi zoyambirira chipani chake cha Democratic chinali chochepa, nyumba ili m'manja mwa James "Pate" Philip wa Republican. Chomwe anapindula nthawi imeneyo anachipeza pogwirizana ndi a mbali inayo, monga lamulo la 1998 lochepetsa mphatso kwa andale ndi kuletsa kudyera ndalama za kampeni, lomwe analikonza limodzi ndi Kirk Dillard wa Republican. Mu 2000 anathamanga magazi n'kukalimbana ndi Bobby Rush pa mpando wa ku Congress. Anagonja moipa, Rush anapeza mavoti owirikiza kawiri. China chomwe chinamupweteka n'chakuti mu December 1999 anaphonya voti yofunika ya lamulo la mfuti ali ku Hawaii, mwana wake akudwala. Chifukwa chinali chomveka kwa kholo lililonse, koma ovota anangomva zoti kunalibe. Mwana wanu adziwe kuti voti iliyonse, ndi kujomba kulikonse, zimalembedwa ndipo zimadzatuluka pa kapepala ka mdani wake. Ngakhale maulendo oposa 100 omwe Obama anavota kuti "ndilipo" osanena inde kapena ayi anadzamutsatira mpaka pa kampeni ya 2008.

Zinthu zinatembenuka mu 2003 chipani chake chitatenga nyumba, Emil Jones n'kukhala mtsogoleri. Jones anamupatsa mpando wa wapampando wa komiti ya zaumoyo ndi mabilu odziwika, kuphatikizapo yokakamiza apolisi kujambula pamene akufunsa oganiziridwa mlandu wakupha. Nkhaniyi inali yotentha chifukwa anthu 13 oweruzidwa kuti aphedwe anali atapezeka osalakwa, mpaka bwanamkubwa George Ryan anaimitsa chilango cha imfa mu 2000. Apolisi ndi oimira boma pa milandu poyamba anaikana biluyo. Inadutsa chifukwa cha misonkhano yambirimbiri yokambirana mawu amodziamodzi, kulola kujambula mawu okha pomwe kanema palibe, ndi kuika zifukwa zomveka ngati makina afa. Mapeto ake palibe seneta amene anavota motsutsa. Ntchito ya phungu wa chigawo ndi imeneyo: kukhala m'chipinda ndi anthu amene sukugwirizana nawo mpaka chiganizo chimodzi chikhale bwino. Amene akufuna kuwomberedwa m'manja imamutopetsa msanga.

Za malipiro, Illinois ili m'gulu la zigawo zolipira bwino. Mu January 2023 malipiro anakwezedwa kufika madola 85,000 pa chaka, ndipo pamakhala zowonjezera kwa apampando a makomiti ndi alawansi ya masiku a ku Springfield. Yerekezani ndi New York komwe amalandira 142,000, Texas komwe ndi 7,200, kapena New Hampshire komwe aphungu 400 amalandira madola 100 pa chaka chonse. Mukasintha 85,000 kukhala makwacha muona ngati mwana walemera, koma namwino wa zaka zambiri ku Chicago amene amagwira maovataimu akhoza kupezeka kuti ndalama zatsika. Lamulo silimuletsa kupitiriza unamwino, ndipo aphungu ambiri ali ndi ntchito zina. Vuto ndi nthawi: kuyambira March mpaka May kugwira mashifiti n'kosatheka kwenikweni. Chiphaso chake cha unamwino asachilole kutha mphamvu ngakhale atapambana, pakuti mpando wa zaka ziwiri si munda wa makolo. Chabwino n'chakuti ovota a kumeneko sayembekezera phungu kugula mabokosi a maliro kapena kulipirira ana fizi. Amabwera ku ofesi ya m'dera ndi madandaulo a ndalama za ulova zomwe zachedwa, chiphaso chomwe chakanirira, kapena kholo lokalamba lomwe lakanizidwa thandizo, ndipo ogwira ntchito mu ofesiyo amaimbira nthambi za boma.

Chiopsezo chachikulu m'ntchitoyi ndi katangale, ndipo Illinois ili ndi mbiri yoipa pa zimenezi. Michael Madigan anakhala phungu zaka 50, kuyambira 1971 mpaka 2021, ndipo zaka 36 mwa zimenezo anali sipikala. Mu February 2025 khothi linamupeza wolakwa pa milandu ya ziphuphu ndi chinyengo, ndipo mu June anamugamula zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka. Pa mlanduwo sipanali zikwama za ndalama. Panali ntchito ndi makontilakiti omwe kampani ya magetsi ya ComEd inkapereka kwa anthu ake kuti iye aziikomera mtima. Ndatchula izi dala chifukwa cha chikhalidwe chathu chothandiza abale. Mwana wanu akadzapempha kampani yomwe ili ndi bilu m'nyumba kuti ilembe ntchito mphwake, kwa ife n'kukumbukira kwanu, koma kwa a FBI, apolisi ofufuza milandu a dziko lonse, ndi umboni. Inu makolo mungamuthandize kwambiri pongoletsa abale kumupempha zotere.

Pali khomo lina lolowera lomwe anthu ambiri salidziwa. Phungu akatula pansi udindo kapena kumwalira, ku Illinois sachititsa chisankho chobwereza. Akuluakulu a chipani chake a m'deralo amakumana n'kusankha womulowa m'malo pasanathe masiku 30, ndipo voti ya aliyense imalemera molingana ndi mavoti a m'gawo lake. Obama atapambana mpando wa ku Washington mu November 2004, mpando wake anapatsidwa Kwame Raoul, mwana wa makolo ochokera ku Haiti, amene m'mbuyomo anali atagonjapo pa zisankho za ukhansala. Anakhala seneta zaka 14, ndipo kuyambira January 2019 ndi mkulu wa zamalamulo wa chigawo chonse. Chicago ili ndi mawodi 50, iliyonse ndi mkulu wake wa chipani. Ngati mwana wanu sakudziwa dzina la mkulu wa wodi yake, ndiye kuti akadali kutali.

Asanasindikize pepala limodzi la masiginecha aonane ndi loya wa zachisankho wa ku Illinois komweko, osati loya wamba. Ndalama imeneyo ndiyo yoyamba kuwononga, chifukwa liwu limodzi lolakwika pamwamba pa pepala, monga dzina la mpando kapena nambala ya dera, limabwerezeka pa masamba onse. Afunsenso ku ntchito. Ngati chipatala chake n'cha boma la dziko lonse, monga zipatala za asilikali opuma, lamulo lotchedwa Hatch Act silimulola kuima pa tikiti ya chipani mpaka atasiya ntchito. Ngati n'cha boma la mzinda kapena la county (ngati boma la district kwathu), malamulo a Illinois samulola kulandira malipiro a kumeneko pa masiku omwe ali ku nyumba ya malamulo. Ndipo ngati pali china chosalongosoka m'mbiri yake, monga kulembetsa m'kaundula wa ovota asanatenge unzika, zomwe ena zinawachitikira mosadziwa potenga laisensi ya galimoto, msonkho womwe sanalipire, kapena wina wa m'nyumba mwake amene mapepala ake sali bwino, akambe kaye ndi loya wa zolowa ndi kutuluka m'dziko asanalengeze kalikonse. Opikisana naye adzalemba anthu ntchito yofufuza zimenezi, ndipo ndi bwino azimve kwa loya wake kusiyana n'kuziwerenga m'nyuzipepala.

Mukamuimbira Lamlungu likubwerali, mufunseni nambala ya dera lake ndi tsiku lomwe anasamukiramo, dzina la phungu amene alipo ndi ngati akuimanso, mavoti omwe wopambana anapeza pa chipulula chapitacho, ndi mayina a nzika 15 zomwe zalonjeza kumuyendetsera mapepala. Akayankha zonsezi osadodoma, walingalira kale mokwanira. Akayamba kuzungulira, mulimbikitseni kuti ulendo uno athandize kaye pa kampeni ya munthu wina, aone mmene amamangira mapepala ndi mmene amawerengera makomo, iye adzaime pa chisankho chotsatira.